Mtengo wotumizira katundu uzilembedwa pakhoma

Dzulo m'mawa, pa kauntala ya kampani ina yotumiza katundu kufupi ndi siteshoni ya mabasi ya Intercity mu Lusaka, agogo ena aakazi anabwera ndi katoni ya mabulangete awiri ndi majuzi, yopita kwa adzukulu ku Lundazi. Pa sikelo katoni inalemera makilo 6. Mnyamata wa pa kauntala anatenga tepi, kuyeza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Agogo, mulipira ya makilo 16." Agogo anafunsa kuti, "Mwana wanga, makilo khumi enawo achokera kuti?" Iye anangoti ndi mmene kompyuta yanenera. Agogo anamasula kansalu, kuwerenga ndalama kawiri, n'kusenza katoni yawo kubwerera nayo. Mtima ukundiwawabe mpaka pano.

Makilo khumi aja ali ndi kochokera. Makampaniwa amayang'ana zinthu ziwiri: kulemera kwa pa sikelo ndi malo amene katundu adye m'galimoto. Amayeza utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, kuchulukitsa zitatuzo, n'kugawa ndi 5,000. Ya agogo inali 50 ndi 40 ndi 40. Zimenezo ndi 80,000, mukagawa mupeza 16. Nambala yokulirapo pa ziwirizo ndiyo amalipiritsa. Njirayi ikugwira ntchito m'maiko ambiri ndipo sindikulimbana nayo. Chandikwiyitsa ndi kubisa. Pakhoma panalibe pepala la mitengo ngakhale limodzi, ndipo mnyamatayo sanafune kufotokoza. Akanangowauza kuti, "Agogo, pindani mabulangetewa zolimba, muwamange m'thumba," phukusi likanatsika kufika 40 ndi 30 ndi 25, omwe ndi makilo 6 ndendende. Mawu ochepa chabe, ana aku Lundazi akanafunda.

Mtengo uzilembedwa pakhoma, basi. Munthu aziudziwa asanakwere minibasi kuchoka ku Chawama kapena ku Matero ndi katoni pamutu. Sikelo iziyang'ana kwa mwini katundu, aziona yekha manambala. Pa risiti pazioneka kulemera kwenikweni, muyeso wa katoni, nambala imene agawira, chifukwa ena amagawa ndi 5,000 ena ndi 6,000, mtengo wa kilo imodzi, ndalama ya inshuwalansi ndi msonkho wa VAT wa 16 peresenti ngati auikapo. Mtengo ukakwera, alembe tsiku limene ukwere anthu adziwiretu. Ngakhale amayi ogulitsa tomato ku msika wa Soweto amakuuza mtengo wa mulu usanatole. Nanga kampani ya laisensi ikulephera bwanji? Ati dizilo wakwera, ati dola yakwera. Tamva. Ndiye lembani mtengo watsopanowo tiuone!

A ZICTA, bungwe loyang'anira za mafoni ndi positi, lamulo la Postal Services Act la 2009 linaika ntchito za positi ndi makampani otumiza katundu m'manja mwanu. Opereka laisensi ndinu. Kampani yosapachika mitengo poyera isamalandire laisensi, ndipo yokweza mtengo mwakachetechete izifunsidwa.

Tsono pali ena amene nkhani ya positi ikangoyamba amathamangira kuti, "Gulitsani Zampost, abizinesi ayendetsa bwino." Kugulitsa kwa ndani, ndipo mtengo adzaugwira ndani? Zampost ya positi ndi Zamtel ya mafoni anabadwa limodzi mu 1994 pamene PTC, kampani ya boma imene inkagwira ntchito zonse ziwiri, inagawidwa pawiri. Zamtel tinagulitsa magawo 75 pa 100 kwa LAP Green ya ku Libya mu 2010, pofika 2012 boma la a Michael Sata linailandanso. Taiwala kale? Onaninso ku Britain. Mu 2012 bungwe loyang'anira la Ofcom linachotsa malire pa mtengo wa sitampu ya first class (ya makalata ofulumira), n'kusiya malire pa ya second class (ya makalata ochedwerapo) yokha. Royal Mail, kampani ya positi ya kumeneko, inagulitsidwa mu 2013, first class ili mapeni 60, second class mapeni 50. Pofika April 2025 first class inali £1.70 (mapeni 170), pafupifupi katatu, pamene second class inali mapeni 87. Kampani ndi imodzi, makalata ndi omwewo. Sitampu yomangidwa ndi lamulo inakwera pang'onopang'ono, yomasulidwa inathamanga. Nkhanga zinapangana kusanapse. Lamulo la mitengo liyambe lakhazikika, zogulitsazo mudzakambe pambuyo.

Ndipo wabizinesi amakonda msewu wa phindu. Lusaka, Kabwe, Ndola, Kitwe, kumeneko adzalimbirana. Kalata yopita ku Chama, ku Kaputa kapena ku Shang'ombo nthawi ya mvula adzainyamula ndani, pa mtengo wanji? Nzeru ya positi kuyambira kale ndi yoti sitampu ikhale mtengo umodzi dziko lonse, kalata yapafupi izithandiza kulipirira yakutali. Mukaphwanya zimenezo popanda lamulo, wakumudzi azilipira mtengo wotchulidwa pakamwa, monga anachitira nawo agogo aja. Mtengo wa pakamwa umayang'ana nkhope ndi nsapato za munthu. Wolembedwa ndi umodzi kwa aliyense.

Kumabasi nakonso musanene. Anthu akathawa mitengo ya pa kauntala amakapereka katundu kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata. Mtengo mumagwirizana muli chiimire pambali pa basi, dzina ndi nambala ya foni kulemba pa katoni ndi maka, risiti nthawi zina palibe. Katoni ija ikatsitsidwa molakwika pa Nyimba kapena pa Petauke, kapena ikanyowa ndi mafuta ophikira a munthu wina m'buti, mukadandaula kwa ndani? Foni ya kondakitala imakhala yozima.