Munthu wangofika kumene ku Joni, musiyeni apeze kaye njira

Zandinyansa zimene ndamva m'mawa uno pa Kamuzu Road pano pa Salima. Mayi wina ali pamzere wolandirira ndalama, foni ili kukhutu, akukalipira mwana wawo mokweza kuti tonse timve: “Iwe, masiku khumi onsewa osatumiza ngakhale ya sopo? Anzako akutumizatu!” Masiku khumi! Munthu miyendo ikadali yotupa ndi basi ya masiku awiri, fumbi la pa Beitbridge, boda yolowera ku South Africa, silinachoke m'mutu, inu mwayamba kale kuwerengera ndalama zake. Musiyeni mwanayo apeze kaye njira.

Kodi mukudziwa zimene munthu amalimbana nazo sabata zoyambazo? Tiyambe ndi foni yomwe mukumuimbirayo. Chaja imene ananyamula kuno ili ndi mano atatu afulati, pomwe masoketi ambiri a m'nyumba za ku South Africa amafuna mano atatu obulungira, akuluakulu. Usiku woyamba foni yathima, mpaka akagule adaputa. Layini ya kumeneko nayo sungoitola. Pali lamulo lotchedwa RICA, longa lija anatilembetsera nalo manambala a MACRA mu 2018, koma kumeneko pamwamba pa pasipoti amafunanso umboni wa kumene ukukhala. Munthu wogona pansi m'chipinda cha msuweni wake autenga kuti umboniwo? Ayenera kupempha mwini nyumba alembe kalata, kapena apite kupolisi akalumbire kuti akukhala pa adiresi yakutiyakuti, amudindire. Limenelo ndi tsiku lathunthu. Ambiri amangogula layini yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina, ndiye tsiku limene foni yabedwa nambalayo yapita, sangaibwezeretse, pamodzi ndi onse amene anawapatsa kuti amuimbire ganyu ikapezeka.

Bwerani pa kayendedwe. Kuno ukaima pamsewu akabaza atatu afika kale, mwakambirana mtengo, wakutula pakhomo penipeni. Ku Johannesburg minibasi, imene eni ake amati taxi, ilibe kondakitala wokuwa kuti Nkhotakota, Nkhotakota. Umaimitsa ndi chala. Kuloza m'mwamba ndiye kuti ukupita m'tauni, kuloza pansi ndiye kuti ukutsika dera lomwelo, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo. Ukalakwitsa chala, galimoto ikudutsa ngati sinakuone, kapena ikakutula kumene sunafune. Mkatimo ndalama amasonkhetsa mzere ndi mzere n'kumapatsirana kupita kutsogolo, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga ndi kubweza chenji. Mlendo amathamangira mpando wakutsogolowo poona kuti ndi wabwino. Taganizani, munthu sanazolowere n'komwe kusiyanitsa R20 ndi R200, amuunjikira ndalama za anthu 15 m'manja, chenji chikaperewera galimoto yonse ikumuyang'ana iye. Potsika napo sunena kuti pa siteji, umakuwa kuti “after robot” kapena “short left”, ndipo mawuwo akangotuluka aliyense wadziwa kuti uyu si wakuno. Ndiye inu muli pa Salima mukuti atumize ya sopo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale anga.

Chakudya nacho. Kulibe zopita kuchigayo ndi ndowa, kulibe zokatapa kwa aneba. Ufa ndi wa m'sitolo, wa Iwisa, Ace kapena White Star, ndipo thumba la 10 kg kapena 12.5 kg ndilo limapulumutsa, timapaketi ta 1 kg timamaliza ndalama msanga. Jumbo yonyamuliramo ukaifuna umalipira polipirira pomwepo. Usipa wa ku Senga Bay uja tinkauyesa wamba, kumeneko umachita kudikira wobwera pa basi. Sitovu ya mbale ziwiri imadya magetsi ngati njovu, ndipo ngakhale mayunitsi ake ndi a manambala 20 ngati athu a ESCOM, ku zipinda za kuseri kwa nyumba mita imakhala ya landilodi, kapena kamita kapadera kogulira malo ake. Ukapereka nambala ya mita yolakwika wagulira munthu wina magetsi, ndalamayo kuibweza n'kovuta. Chipinda chomwecho amafuna lendi ya mwezi ndi dipoziti pamwamba, usanagonemo n'komwe. Akafika mu Juni kapena Julayi, onjezanipo bulangeti lokhuthala ndi jekete, chifukwa mwana wokulira kunyanja kuno chisanu cha Gauteng, chigawo chimene kuli Joni, sanachionepo chibadwire.

Zonsezi akuchita wotchi ikuyenda. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku osapitirira 30, ndipo ndi masiku a mlendo wodzacheza, osati a ntchito. Kuyambira mu 2014, ukapitirira masiku ako amakuletsa kulowanso chaka chimodzi, ukapitirira ndi masiku oposa 30 ndi zaka 5. Munthu akugona akuwerenga masiku pa chidindo, inu mukuwerenga masiku a sopo. Manyazi mulibe?

Ngakhale ataipeza R300 lero, kutumizako si kungodina batani ayi. Alembetse kaye, monga ku Mukuru, ndi pasipoti yake ndi nambala ya foni, aike oda, alandire nambala yolipirira, akaime pamzere ku Shoprite kapena ku PEP, alipire, ndiye uthenga ufike kwa inu. Dzina lanu likasiyana ndi la pa chitupa chanu ngakhale chilembo chimodzi, mubwerera chimanjamanja, n'kuyambanso kumutukwana kuti wanama.

Ndikudziwa, zinthu zakwera, feteleza sakugulika, ena munagulitsa mbuzi kuti akwere basi. Koma mbuziyo sibwerera m'masiku khumi. Munthu wopanikizidwa ndi amene amakongola kwa akatapira a kumeneko kuti inu mukhale chete, ndi amene amalola ganyu iliyonse osafunsa malipiro, ndi amene amasiya kuyankha foni mpaka kalekale, kenako muziti watchona, watiiwala. Mwamutchonetsa ndinu! Mukamuimbira mufunseni ngati wadya, ngati layini yatheka, ngati wadziwa taxi yopita kumene akugona. Mpatseni mwezi, ngakhale iwiri. Anzake amene mukuti akutumizawo anapita liti? Ena atha zaka 6 ali konko, nawonso anayamba ndi kusochera pa Park Station, depoti yaikulu ya mabasi ku Joni, chikwama chili pamutu.

Ndipo inu achimwene amene muli ku Joni, amene mumatumiza zithunzi mutatsamira galimoto ya abwana n'kumauza ana kuti bwera, kuno zinthu zili bwino, musaganize kuti ndakuiwalani. Mumakamutenga mwana pa Park Station usiku, m'mawa 5 koloko mwanyamuka kupita ku ntchito, mwamusiya m'chipinda ndi kiyi ndi buledi theka. Osamuonetsa shopu, osamuuza kumene kuli kiliniki, osakwera naye taxi ngakhale kamodzi kuti aone chala chikuloza kuti. Lamlungu limodzi lokha lingakwane zonsezi. Koma ayi, Lamlungu muli ku mpira.