Chenjezo kwa okonza mabonanza ndi makochi a mpira ku Thyolo ndi Mulanje

Inu amene mumakonza mabonanza ku Luchenza, ku Chitakale ndi m'mabwalo a m'maesiteti a tiyi, ndiloleni ndikudzudzuleni. Chikho, zokuzira mawu ndi mipando ya alendo olemekezeka simuiwala, koma pabwalo sipakhala ngakhale munthu mmodzi wodziwa chochita mnyamata akakomoka.

Wosewera akagwa yekha popanda womugunda, ndipo sakuyankha pomuitana, muyenera kuganiza kuti mtima wake waima. Koma zimene timaona n'zomvetsa chisoni. Anthu amamuunjirira, wina akumukupiza ndi jezi, wina akumuthira madzi kumutu, wina akumukanikiza supuni m'kamwa ati kuti asameze lilime, pamene ochemerera ayamba kale kuloza chala timu inayo kuti inakwirira mankhwala pagolo. Nthawi yonseyi magazi sakufika ku ubongo, ndipo pakatha mphindi 4 mpaka 6 ubongowo umayamba kuwonongeka.

Wosewera mpira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, munthu wamphamvu zake, anagwa pakati pa bwalo ku Lyon mu 2003 ndipo anamwalira ndi nthenda ya mtima imene sinkadziwika kuti ali nayo. Christian Eriksen wa ku Denmark naye anagwa pa 12 Juni 2021 ku Copenhagen, koma madokotala anayamba kumudinikiza pachifuwa pabwalo pomwepo, n'kudzutsa mtima wake ndi makina amagetsi a AED, moti chaka chotsatira anali akuseweranso mu timu ya Brentford ya ku England.

Makinawo ife sitikhala nawo m'mabwalo akumudzi, koma manja tili nawo. Wosewera akagwa chotere, mugonekeni chagada pamalo olimba, ikani chikhatho pakati pa chifuwa, dzanja lina pamwamba pake, ndipo dinikizani mwamphamvu kuti chifuwa chizilowa masentimita 5 kapena 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, mukulandirana mukatopa. Akamapuma mobanika apo ndi apo, musanamizidwe kuti watsitsimuka. Musaopenso kuthyola nthiti, imapola.

Galimoto ya mafuta ake iyenera kuima pafupi ndi bwalo masewera asanayambe, woyendetsa ali pomwepo, osati ali kumowa, pakuti pa kabaza simungapitirize kudinikiza munthu mpaka kukafika ku Malamulo kapena ku chipatala cha boma.

Ndipo inu makochi, mwana akadandaula kuti pachifuwa pakumupweteka, akumva chizungulire pothamanga, kapena wangodzuka kumene ku malungo, lekani kumunena kuti ndi waulesi. Mukhazikeni pabenchi, mpaka akamuyeze kuchipatala.