Amati malonda ndi m'maso, koma mayi uja anafunsa funso

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikusonkhanitsa makhadi a osewera baseball ndi basketball kuno ku America, ndipo anzanga ena amaseka akamva kuti munthu wamkulu ngati ine ndimatha Loweruka lonse m'holo yodzaza ndi matebulo, maso ali pa timapepala tolimba tokhala ndi zithunzi za anthu amene ena mwa iwo anamwalira kalekale. Asekenso lero, palibe kanthu. Chimene ndafuna kulemba ndi nkhani imene osonkhanitsa makhadi sagwirizana akakumana, ya khalidwe la amalonda amene timagula kwa iwo ndiponso kuwagulitsa makhadi athu.

Chaka chatha, pa chionetsero china cha makhadi, ndinaima pa tebulo la wamalonda wina ndikufufuza m'bokosi la makhadi otchipa pamene panafika mayi wachikulire atanyamula katoni ya nsapato yomanga ndi mphira. Anati makhadiwo anali a malemu amuna awo, ndipo anawapeza pamwamba pa kabati akukonza m'nyumba. Wamalonda uja anayamba kuwavundukula ndi chala chachikulu mofulumira, monga amachitira anthu ozolowera ntchitoyi, ndipo atafika pa khadi ina ya kampani yopanga makhadi ya Topps ya m'zaka za m'ma 1950 chalacho chinaima pang'ono, kenaka anaibwezera pakati pa inzake nkhope yake osasintha ngakhale pang'ono. Mayi aja anafunsa kuti, "Kodi muli kanthu ka mtengo m'menemu?" Iye anayankha kuti, "Ambiriwa ndi wamba, mayi, koma ndikupatsani madola 60 pa katoni yonse kuti musavutike kubwerera nayo." Ine khadi ija ndinaiona, ndipo ndinadziwa kuti payokha inali ya madola mazana angapo, koma ndinakhala chete, chifukwa m'maholo amenewa muli lamulo losalembedwa lakuti munthu salowerera malonda a pa tebulo la mnzake. Amene analankhula anali bambo wina wa imvi amene anaima pambali panga. Iye anangouza mayi aja mwaulemu kuti ayambe aonetsa katoniyo pa matebulo ena awiri kapena atatu asanavomere mtengo uliwonse. Mayi aja anamanganso mphira wawo n'kumapita, ndipo wamalonda anatukwana chapansipansi.

Mkangano umene unabuka pambuyo pake, pamene ena a ife tinakhala pansi kuti tidye, unandidabwitsa, chifukwa ambiri anadzudzula bambo wa imvi uja kuposa wamalonda. Iwo ankati malonda ndi m'maso. Wamalonda analipira tebulo, anayenda ulendo wautali ndi katundu wake, anatha zaka zambiri akuphunzira kusiyanitsa khadi yeniyeni ndi yabodza, ndipo nzeru zimenezo ndiwo mpamba wake. Anakumbutsanso kuti mitengo itakwera modabwitsa mu 2020 ndi 2021, nthawi imene anthu ankalimbirana makhadi mpaka masitolo a Target anayamba aleka kuwagulitsa m'mashelefu mwawo kutachitika ndewu ku Wisconsin, amalonda ambiri anagula katundu modula, ndipo mitengo itatsika palibe anabwera kudzawabwezera zimene anataya. Ngati wamalonda amasenza yekha tsoka, iwo anatero, musiyeni adyenso yekha mwayi.

Mfundo imeneyi sindiikana yonse. Palibe munthu wanzeru amene amayembekezera kuti wamalonda agule khadi pa mtengo womwewo umene akaigulitsire, ndipo ine ndagulitsapo makhadi kwa amalonda pa mtengo wotsika ndikudziwa bwino lomwe kuti akapindula, popeza ndinkafuna ndalama tsiku lomwelo. Pamene ndimasiyana ndi anzanga aja ndi pa funso la mayi uja. Iye sanabwere atadula kale mtengo wake, koma anafunsa ngati munali kanthu ka mtengo, ndipo pofunsa choncho anabwereka maso a wamalondayo chifukwa ake sakanatha kuona. Munthu amene wafunsidwa funso lotere ali ndi njira ziwiri zoyenera: kunena zoona kenaka n'kutchula mtengo umene angakwanitse, kapena kunena poyera kuti iye ndi wogula, choncho mayiyo akafunse kwina. Kuyankha kuti ambiriwa ndi wamba, chala chitangochoka kumene pa khadi yodula, ndi bodza ngakhale liwu lililonse m'chiganizomo litakhala loona.

Pali nkhani yakale imene osonkhanitsa makhadi amakonda kutchula mkangano wotere ukafika povuta, ndipo tsiku limenelo inatchulidwanso. Mu 1990, m'sitolo ina ya makhadi ku Illinois, mnyamata wa pasukulu anagula khadi ya Topps ya 1968 ya Nolan Ryan, wosewera baseball wotchuka, pa madola 12, chifukwa wothandiza m'sitolomo, yemwe sankadziwa za makhadi, anawerenga molakwa mtengo wa madola 1,200. Mwini sitolo anakasuma kukhoti, nkhani inamveka dziko lonse, ndipo pamapeto pake mbali ziwirizo zinagwirizana kuti khadiyo igulitsidwe ndipo ndalama zake zipite ku ntchito zachifundo. Anthu ambiri anali kumbali ya mnyamatayo, ndipo mpaka lero ena amamutama. Anzanga anandifunsa kuti, ngati mnyamata anali ndi ufulu wodyera umbuli wa wogulitsa, wamalonda alekerenji kudyera umbuli wa mayi wamasiye? Funsoli ndi lolemera, ndipo likuonetsa kuti ifenso osonkhanitsa timakonda chilungamo chikakhala chotikomera. Komabe sitolo ndiyo inadula mtengo ndi kusankha woigulitsira, ndipo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kudziwa mitengo, pamene mayi uja analibe ntchito imeneyo ndipo ananena yekha kuti sakudziwa.

Za pa tebulozi ndi zazing'ono tikaziyerekeza ndi zimene zachitika kumtunda, kumene kuli ndalama zenizeni. Kuti amene sali m'zimenezi amvetse, khadi masiku ano imatumizidwa ku makampani monga PSA, SGC kapena Beckett, amene amaiyang'ana m'makona, m'mphepete, pankhope ndiponso ngati chithunzi chili pakati bwino, kenaka amaipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 10 ndi kuitsekera m'pulasitiki yolimba. Kusiyana kwa giredi imodzi yokha kumatha kuchulukitsa mtengo kangapo, choncho munthu amene angasenge m'mphepete mwa khadi yakale kachidutswa kochepa ngati tsitsi, kuti makona operepeseka aoneke akuthwa, akhoza kupanga ndalama zambiri ndi mpeni wodulira mapepala basi.

Khadi yotchuka kuposa onse ili ndi chipsera chimenechi. Ndi ya Honus Wagner wa timu ya baseball ya Pittsburgh Pirates, ya m'gulu la T206 limene kampani ya American Tobacco inkaika m'mapaketi a ndudu pakati pa 1909 ndi 1911, ndipo makhadi a Wagner odziwika lero sakwana 100. Imodzi mwa amenewa, yooneka bwino koposa, inagulidwa mu 1991 ndi katswiri wa masewera a hockey Wayne Gretzky ndi mwini timu yake Bruce McNall pa madola 451,000, ndipo inali khadi yoyamba imene PSA inaipatsa giredi, yomwe inali 8. Kwa zaka zambiri panali manong'onong'o akuti m'mbali mwake munadulidwa, koma khadiyo inkangokwera mtengo, mpaka Ken Kendrick, mmodzi mwa eni ake a timu ya baseball ya Arizona Diamondbacks, anaigula pa madola 2.8 miliyoni mu 2007. Mu 2013, Bill Mastro, amene kampani yake ya okushoni inali pakati pa zikuluzikulu pa malonda amenewa, anavomera m'khoti ku Chicago kuti ndiye anaidula m'zaka za m'ma 1980. Anavomeranso mlandu wokweza mitengo mwachinyengo pa okushoni, ndipo mu 2015 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 20.

Chinyengo cha pa okushonichi ndicho chimandipweteka kwambiri, chifukwa chimabera ngakhale munthu amene sanagule nawo. Wogulitsa amabzala anthu ake, kapena maina abodza, kuti azipikisana ndi wogula weniweni mpaka afike pa mtengo wake womaliza. Wogulayo amalipira mopitirira, koma sizithera pomwepo, popeza mtengo umenewo umalembedwa ngati mtengo wa khadiyo, ndipo mawa wamalonda wa pa tebulo laling'ono adzakuonetsa pa foni yake kuti yomaliza inagulidwa motere, iwe n'kulipira. Mu 2019 osonkhanitsa wamba, osati makampani a magiredi, ndiwo anayamba kuyerekeza zithunzi za khadi imodzimodzi isanagulitsidwe ndi itagulitsidwanso, akuzindikira timadontho ndi timizere ta papepala, ndipo anapeza makhadi ambirimbiri amene anachepa m'mbali koma n'kukwera giredi. Nkhaniyi inafika mpaka ku FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu. Mu August 2021 eBay, kampani ya msika wa pa intaneti, inaletsa kampani yogulitsa makhadi ya PWCC kugulitsa pa msika wake, ikunena kuti anthu ogwirizana ndi kampaniyo ankakweza mitengo mwachinyengo, ndipo PWCC inakana mlanduwo. Patangotha chaka, khadi ya 1952 ya wosewera baseball Mickey Mantle inagulidwa pa madola 12.6 miliyoni, zimene zinandionetsa kuti nkhani zonsezi sizinachotse ogula chilakolako.

Apa ndi pamene ndimalephera kuloza amalonda okha chala. Khadi ya Wagner ija idakali m'pulasitiki yake ndi giredi 8, ndipo palibe amene amakayika kuti itabwera pa msika lero anthu angailimbirane. Osonkhanitsa amene amafuula za khalidwe la amalonda ndi omwewo amene amaswa pulasitiki ya khadi imene yapatsidwa 8 n'kuitumizanso kawiri kapena katatu mpaka itapeza woiyang'ana wofatsa woipatsa 9, ndipo poigulitsa satchula maulendo amene inayenda. Ena amapukuta makhadi ndi mankhwala kapena kuwapsinja kuti makwinya asaoneke, n'kumati kumeneko ndi kusamalira chabe. Kumene kusamalira kumathera ndi kumene kukonza mwachinyengo kumayambira, anthu akhoza kukangana usiku wonse, koma ine ndimayesa ndi funso limodzi: kodi zimene wachita pa khadiyo ungamuuze wogula iye asanatulutse ndalama? Amene amati kupukuta si kulakwa, ndimadabwa kuti n'chifukwa chiyani salemba pa chikwangwani kuti khadi iyi ndi yopukuta.

Ndiyenera kunenanso kuti amalonda okhulupirika alipo, ndipo si ochepa. Ndikudziwa wina amene mwana akabwera ndi khadi kuti asinthanitse, amayamba wamuonetsa mitengo ya makhadi onse awiri, ndipo ngati kusiyana kuli kwakukulu amati aitane kholo lake. Wina anandiimitsa ndikutulutsa ndalama n'kundionetsa ndi tochi kakhwinya kakang'ono kumbuyo kwa khadi kamene ine sindinakaone, kenaka anatsitsa mtengo yekha. Kwa ameneyo ndabwererako kambirimbiri, ndipo sindinenerera mtengo kwambiri ndikakhala pa tebulo lake. Anthu otere amavutika kupikisana ndi anzawo amene amagula katoni ya mayi wamasiye pa madola 60, chifukwa katundu wogulidwa mwa njira imeneyo akhoza kugulitsidwa motchipa phindu n'kukhalapobe, ndipo ogula ambiri safunsa kumene khadi yotchipa yachokera.

Sabata ziwiri zapitazo ndinapitanso ku holo yomwe ija, ndipo wamalonda wa madola 60 uja ndinamupeza pa malo ake, tebulo lake litazunguliridwa ndi anthu kuposa a anzake. M'kabati yake yagalasi munali khadi imene ndakhala ndikuifuna kwa zaka zitatu kuti ndimalize gulu langa, yokhala ndi makona abwino, pa mtengo wotsikirapo kusiyana ndi kulikonse kumene ndinaionapo. Ndinapempha kuti ndiigwire, ndinaitembenuza kawiri, ndinaiunika ndi tochi, ndipo sindinapeze cholakwika chilichonse. Ndinamufunsa kumene anaipeza, iye n'kuyankha kuti inachokera m'katundu wa banja lina. Ndinaibwezera, koma ndinatenga nthawi yaitali ndisanatero kuposa mmene ndikanafunira kuvomera pano, ndipo pamene ndinkadutsanso pa tebulolo madzulo, malo ake m'kabatimo anali opanda kanthu.