Otsalafe simunatitchule

Atolankhani, mwalemba kuti amuna tizilankhula zakukhosi, ndipo n'zoona. Koma ife otsala simunatitchule n'komwe.

Achimwene anga anadzipha chaka chatha, ngongole za katapila zitawafika m'khosi. Pamaliro kwaya sinaimbe. Anthu ankangonong'onezana, ena n'kumaloza zala alamu anga ngati ndiwo anachititsa. Mpaka lero amayi amadzuka pakati pa usiku n'kumandifunsa kuti, "Mwanawe, ine ndinalakwa pati?" Ndimasowa chowayankha, ndimangokhala nawo pamphasa mpaka kucha.

Sabata yomaliza ija achimwene anagawa zovala zawo, anabweza njinga imene anabwereka, anatipepesa tonse popanda chifukwa. Ife tinkati asintha, mtima wakhala pansi. Abale anga owerenga, mukaona zotere mufunseni munthuyo mosapsatira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu. Musamusiye yekha, mpite naye kuchipatala cha boma kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komwe kuli aphungu.

Ndipo maliro akatha, muzibwerabe kudzationa. Alamu anga anakhala miyezi itatu popanda wowagogodera pakhomo.