Za Aztec: anthu 500 okha sangagwetse ufumu, tisamanamizane

Abale pali nkhani ina imene imandikwana nthawi zonse ikatuluka, ija yoti Hernán Cortés wa ku Spain ndi asilikali ake 500 anagwetsa ufumu wonse wa Aztec ku Mexico chifukwa anali ndi mfuti ndi mahatchi, ena mpaka kuthira mchere kuti eni dziko ankamuyesa mulungu. Ine ndiye ayi, sindivomera. Mahatchi amene anatsika nawo m'sitima mu 1519 anali 16 okha, mfuti zake zinali zija ukawomba kamodzi uyambe kaye kuthira wonga mnzako akukuyang'ana, nde mundiuze kuti zimenezi ndi zomwe zinagwetsa Tenochtitlan, likulu la ufumuwo?

Taganizani kaye za mzindawo. Unakhazikitsidwa mu 1325 pa kachilumba pakati pa nyanja ya Texcoco, pamene pali Mexico City lero, ndipo pofika 1519 akatswiri ambiri amati munali anthu pafupifupi 200,000, kuposa mzinda uliwonse wa ku Spain nthawi imeneyo. Kulowamo unkadzera misewu yomangidwa pamadzi yokhala ndi milatho yochotseka, adani akabwera amangoichotsa basi. Madzi akumwa ankachokera ku Chapultepec kudzera m'ngalande yomanga. Ulimi wawo wa chinampa uli ngati dimba koma lopanga wekha pamadzi osaya, kukhoma zikhomo, kuunjika matope ndi zinyalala, kudzala mitengo m'mbali kuti dothi lisakokoloke, nkumakolola chimanga, nyemba, tomato ndi tsabola kangapo pa chaka. Ku msika wa Tlatelolco kunali mpaka oweruza milandu ya pamsika pomwepo, njere za koko zikugwira ntchito ngati ndalama. Ana ankapita ku sukulu, a mafumu ku calmecac, a anthu wamba ku telpochcalli. Awa sanali anthu ogona ayi.

Vuto linali mmene ufumuwo unamangidwira. Mu 1428 mizinda itatu, Tenochtitlan, Texcoco ndi Tlacopan, inagwirizana nkuyamba kugonjetsa anzawo, koma akakugonjetsa kawirikawiri mfumu yako amaisiya pampando, chomwe akufuna ndi msonkho basi, nsalu za thonje, chimanga, nyemba, koko, nthenga za mbalame, ndipo ukachedwa kapena ukakana nkhondo ikubwera. Ogwidwa pankhondo ambiri ankakaphedwa ngati nsembe pa kachisi. Apa tisabise, azungu anakokomeza nkhani ya nsembeyi kuti zochita zawo zioneke zoyera, koma nsembezo zinalipodi, kuyambira mu 2015 ofukula zakale apeza zigaza mazanamazana zomangidwa pamodzi pafupi ndi Templo Mayor, kachisi wamkulu wa mzindawo, zina za amayi ndi ana. Nde munthu amene akupereka msonkho chifukwa cha mantha okhaokha, tsiku loti wapeza mpata mukuganiza aima mbali iti?

Cortés anazindikira zimenezi msanga, mwa zina chifukwa cha mayi uja Malintzin amene ankamumasulira. Ku Cempoala kufupi ndi gombe anapeza a Totonac akudandaula za msonkho, otolera msonkho asanu a Moctezuma, mfumu ya ku Tenochtitlan, atafika ku Quiahuiztlan, mudzi wapafupi, iye anauza eni mudzi kuti amangeni, usiku womwewo nkumasula awiri mwakabisira kuti akanene kwa Moctezuma kuti iye ndi bwenzi. Kathyali weniweni. A Totonac apo anali atapalamula kale, kubwerera m'mbuyo kosatheka.

Koma amene ndikufuna tiwakambe bwino ndi a Tlaxcala, chifukwa mpaka lero ku Mexico ena amawanena kuti ndi ogulitsa. Anagulitsa ndani? Inde ankalankhula Nahuatl ngati a Mexica a ku Tenochtitlan, koma linali dziko lina loima palokha, lozunguliridwa mbali zonse, zaka ndi zaka akumenyedwa nkhondo, njira zamalonda zitatsekedwa mpaka mchere ndi thonje osazipeza. Ndiwo zopanda mchere kwa zaka, inu. Ndipo sikuti analandira azungu ndi manja awiri, mu September 1519 anamenyana nawo koopsa kwa masabata, Cortés anatsala pang'ono kuthera pomwepo, kenako akuluakulu monga Maxixcatzin ndi Xicotencatl wamkulu anakhala pansi nkuona kuti alendowa ndi ochepa koma akhoza kuwagwiritsa ntchito pothana ndi mdani wawo wakale. M'maso mwawo iwo ndi amene ankagwiritsa ntchito Cortés. Dziko lotchedwa Mexico kunalibe nthawi imeneyo loti munthu aligulitse.

Umboni woti mfuti sizinali kanthu kwenikweni uli pa 30 June 1520. Azungu ali mkati mwa Tenochtitlan, Pedro de Alvarado, mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Cortés, atapha anthu osanyamula zida akuvina pa chikondwerero cha Toxcatl, mzinda wonse unadzuka, Moctezuma anafera mu chipwirikiti chomwecho, azungu nkuyesa kuthawa usiku, koma anaonedwa, mabwato anawazinga pa msewu wa pamadzi uja ndipo mazana a iwo anafa, ena kumira ndi golide yemwe anadzaza m'zovala. Otsala anathawira kuti? Ku Tlaxcala, ali mabala okhaokha. Mfumu yatsopano Cuitláhuac inatumiza amithenga ku Tlaxcala kuti tiyeni tigwirizane tiwamalize, a Tlaxcala anakana. Akanati avomere, dzina la Cortés bwenzi pano sitikulidziwa nkomwe.

Kenako nthomba. Inabwera ndi gulu lina la azungu mu 1520 momwemo, anthu a kumeneko anali asanaionepo chiyambire, inalowa mu mzinda wothithikana uja nkupha anthu osawerengeka, Cuitláhuac yemwe analamulira masiku pafupifupi 80 okha nayenso anapita nayo. Inaphanso Maxixcatzin ku Tlaxcala, matenda sankasankha mbali, kungoti azungu ambiri anali atadwalapo kale ali ana nde iwo anangotsala ali chilili pamene mafumu akugwa uku ndi uku.

Pozinga mzinda mu 1521 azungu sanafike ngakhale 1,000, pamene ankhondo a Tlaxcala, Texcoco (umene apa unali utatembenukira Tenochtitlan), Chalco ndi ena anali zikwi makumimakumi. Mabwato 13 amene anatseka nyanja matabwa ake anadulidwa ku Tlaxcala, anthu zikwi nkuwasenza kudutsa mapiri mpaka ku Texcoco. Anadula ngalande ya Chapultepec, chakudya osalowa, anthu akumwa madzi amchere, komabe a Mexica analimba pafupifupi miyezi itatu, kumenyana nyumba ndi nyumba, mpaka mfumu yawo yomaliza Cuauhtémoc anagwidwa m'bwato pa 13 August 1521. Anamuwotcha mapazi kuti aulule komwe kuli golide, mu 1525 nkumupachika.

Za umulungu zija, Cortés mwini wake m'makalata amene ankalembera mfumu ya Spain Charles V sananenemo kuti anthu ankamuyesa mulungu wawo Quetzalcoatl, nkhaniyi inadzakula patapita zaka, dziko lili kale m'manja mwa Spain, ndipo mukaiona bwino imakomera wopambana chifukwa imapangitsa ogonja kuoneka opusa. Anthu amene anapha mahatchi nkupachika mitu yake pamodzi ndi ya eni ake ankadziwa bwino lomwe kuti awa amafa ngati wina aliyense.

Nanga a Tlaxcala anapindula? Pang'ono inde, mzinda wawo unapatsidwa ulemu wapadera ndi Spain, anapita ndi Alvarado kukamenya ku Guatemala mu 1524, mu 1591 mabanja 400 anatumizidwa kukakhazikitsa midzi kumpoto. Koma miliri ya 1545 ndi 1576 inawasesa pamodzi ndi ena onse, ndipo ufulu umene ankautetezera kwa a Mexica unathera m'manja mwa Spain. Ine sindiwatcha ogulitsa, ndimati anawerengera molakwa, ankaganiza kuti alendo ndi okhawo ali pamaso pawo osadziwa kuti sitima zina zili m'njira. Mmodzi mwa atsogoleri awo, Xicotencatl wamng'ono, mwana wa mkulu uja, ankakana mgwirizanowu kuyambira pachiyambi. Mu 1521 nkhondo yozinga mzinda ili pafupi kuyamba anachoka pa msasa kubwerera kwawo, Cortés anatumiza anthu kukamugwira, nkumupachika.