Thirakitala yakale siifa ndi ukalamba

Zimandiwawa kuona Massey Ferguson 135 itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa shedi, matayala ataphwa, udzu utafika pachiwongolero, eni ake n'kumangoti yakalamba. Ine ndikukana. Ambiri mwa mathirakitala amenewa sanathe ndi zaka ayi. Anawapha ndi dizilo wakuda, komanso manja a anthu othamangira kuphwasula injini asanadziwe chomwe chavuta.

Amene anapanga makinawa ankaganizira mlimi wokhala kutali ndi galaja. Harry Ferguson wa ku Northern Ireland ndiye anatulukira njira yomangira pulawo kumbuyo ndi mikono itatu, ndipo thirakitala yake yotuwa, TE20, inapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, zoposa theka la miliyoni. Munthu wina wofufuza malo, Edmund Hillary, anafika nazo ku South Pole mu Januwale 1958, kudziko la madzi oundana okhaokha. Ya 135, yomwe timaionabe ikukoka ngolo m'maesiteti ndi m'misika yathu, inatuluka mu 1964 ndi injini ya Perkins ya masilinda 3. Mulibe kompyuta mmenemo. Munthu wodekha, wokhala ndi masipanala ochepa, akhoza kuidzutsa pansi pa mtengo.

Ikakana kulira, yambani ndi mafuta. Pansi pa thanki pali kambale kagalasi. Kayang'aneni padzuwa. Mukaona madzi atakhala pansi, dizilo ali pamwamba, ndi timatope tofiirira, vuto mwalipeza kale. Madziwo amachokera m'migolo yosiyidwa pamvula ndi m'zigubu zomwe dzulo zinatunga zina. Amalowanso thanki ikagona yopanda kanthu, chifukwa chinyezi cha usiku chimasanduka madontho mkati. N'chifukwa chake madalaivala akale ankadzaza thanki madzulo poweruka, osati m'mawa. Pampu yaikulu ya dizilo, ya CAV, yomwe ili pa injini imeneyi ili ndi tizitsulo tosalala kwambiri todalira dizilo yemweyo kuti tisakhulane, ndiye madzi ndi mchenga zikalowamo zimaidya pang'onopang'ono. Fyuluta ndi yotchipa, pampu ndi yodula. Koma anthu amaumira pa fyuluta, mpaka kuitsuka ndi petulo n'kuibwezera.

Chachiwiri ndi mpweya m'mapaipi, makamaka mafuta akathera m'munda kapena mukangosintha fyuluta. Apa ndi pomwe mabatire ambiri amafera, munthu akungopotokola kiyi mpaka sitata kutentha. Injini ya dizilo siingalire ndi mpweya m'njira ya mafuta, ngakhale mutaikankhira kumtsetse. Masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, mupope ndi chala kachitsulo ka papampu yaing'ono ya pambali pa injini. Poyamba kumatuluka thovu ngati la sopo. Musasiye kufikira dizilo atatuluka woyera, wopanda kathovu n'kamodzi komwe, kenako mangani. Muchite chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta papampu yaikulu, kuyambira ka m'munsi. Pomaliza masulani pang'ono manati a mapaipi opita ku mainjekita (tizitsulo topemerera dizilo m'masilinda), mulize sitata mpaka mafuta ayambe kufwamphuka, mumange. Nthawi zambiri imadzuka pomwepo. Ngati kachitsulo kopopera kaja kakungoyenda kopanda mphamvu, tembenuzani injini pang'ono, kagwiranso.

Utsi nawo umanena. Wakuda bii ndiye kuti injini ikubanika kapena mwaisenzetsa katundu wopitirira, ndipo m'fumbi la mu Okutobala choyamba kutsegula ndi mbale ya oyilo ya pansi pa sefa ya mpweya, yomwe mumaipeza itasanduka phala. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosatha injini itatentha kale, mukayikire mainjekita kapena madzi olowa mu silinda. Chokhacho chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kansanza konyika mu petulo kuika pakamwa pa injini kuti ilire msanga m'mawa wa mu Juni. Imalira inde, koma kugogoda komwe mumamva kuja ndi mapisitoni akuvulala.

Mikono yakumbuyo ikamanyamula pulawo monjenjemera, musathamangire kugula pampu yonyamula mikonoyo. Solomolani kachitsulo koyezera oyilo wa giya, chifukwa pa thirakitala imeneyi giya ndi mikono zimamwa oyilo mmodzi. Akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi a mvula, ndipo kawirikawiri amadzera pa timalabala tong'ambika ta m'tsinde mwa ndodo za giya. Timalabala timeneti ndi totchipa zedi, koma tapha mapampu ambiri.

Komabe ndisakunamizeni, kukonda kwanga makinawa sikundiiwalitsa kuti amapha. Ambiri akale alibe chitsulo chotchinga dalaivala ikagubuduka. Pa 135 anaika dala kuti sitata isagwire pokhapokha ndodo yaifupi ya giya ili pa S. Switchi imeneyi ikafa, anthu amangolumikiza mawaya, kapena kuima pansi kutsogolo kwa tayala lalikulu n'kugunditsa sikuludalaiva pa sitata. Ngati ili m'giya, imadzuka n'kumuponda munthuyo pomwepo. Konzani switchiyo, ndipo muziliza mutakhala pampando.

China chimene chimandiopsa ndi kumanga tcheni pamwamba, pomangira mkono wapakati paja, pofuna kuzula chitsa kapena kukoka lole yotitimira. Matayala akumbuyo akalephera kupita patsogolo, thirakitala ndiyo imazungulira pa ekiselo yake, mutu umadzuka, n'kugwa chagada dalaivala asanafike n'komwe pa kilatchi. Kokerani pa chitsulo chokokera cha pansi pa ekiselo basi. Mukamatuluka m'munda kulowa mumsewu, mangani pamodzi zopondera ziwiri za mabuleki ndi kachitsulo kake, chifukwa kuponda chimodzi muli pa liwiro kumaitembenuza mwadzidzidzi. Pamtsetse wa ku Thyolo kapena ku Dedza, ngolo itadzaza, tsikani ndi giya yomwe mungakwerere nayo, osaponda kilatchi kuti muziyenda chaulere. Ndipo ana ndi aganyu okhala pa madigadi atsike, mpando ulipo umodzi.

Kwa inu amene muli nayo itagona kuseri kwa nyumba, ogula zitsulo zakutha asanabwere ndi sikelo yawo, itanani makaniko wachikulire amene anagwirapo ntchito pa esiteti. Zipangizo za 135 zikupangidwabe ndipo zimapezeka m'mashopu a zaulimi. Muuzeni ayambire pa kambale kagalasi kaja, fyuluta ndi mawaya a batire, injini aisiye kaye yosatsegula.