Musanatumize ndalama, onani kunsi kwa chimbale

Mwezi wathawu ndinagula ma DVD asanu ndi limodzi a kaunjika kwa munthu wina pa Facebook. Anati ndi orijino, anabwera nawo kuchokera ku Joni. Ndinkagulira bambo anga. Maso awo atopa, za pa foni sangathe, koma DVD player yawo amaisamala ngati mwana. Ndalama ndinatumiza pa foni, katundu anabwera pa basi.

Nditatembenuza chimbale choyamba, mtima unangoti myuu. Kunsi kwake kunali kwa pepo. Chimbale cha kufakitale chimakhala chasiliva kapena chagolide; chapepo ndi DVD-R yobena pa kompyuta. Pakamkombero kapakati, pafupi ndi bowo, orijino imakhala ndi tizilembo ting'onoting'ono, nthawi zambiri toyamba ndi IFPI. Apa panalibe. Chikuto chinali chofufuma ngati chotuluka pa fotokope, ndipo nambala ya dera logulitsako chimbalecho inalembedwa Region 1, ya ku America, pomwe za ku South Africa ndi Region 2. Filimu imene orijino yake imafuna chimbale cha 8.5GB anaipanikiza m'cha 4.7GB, n'chifukwa chake anthu akamathamanga chithunzi chimasweka timabokosi.

Nditamuimbira anandiyankha kuti, "Koma ikuonetsa, achimwene." Mawu amenewa ndi amene akundiwawa mpaka lero. Tonse tikudziwa mtengo wa chimbale chobena pamsika. Munthu akandiuza kuti n'chobena, ndisankha ndekha. Koma kundilipiritsa mtengo wa orijino pa chinthu chobena ndi kuba, kaya chikuonetsa kaya ayi. Ndipo Amalawife timachita manyazi kuitanitsa ndalama zathu, timangoti zachitika basi. Ine ndinakana.

Ndinali nditasunga zonse: chithunzi cha positi yake pomwe analemba kuti orijino, macheza athu a pa WhatsApp, ndi meseji yotsimikiza kuti ndalama zinapita. Ndinajambula kunsi kwa chimbale chilichonse n'kumutumizira, ndi kumuuza modekha kuti akapanda kubweza ndikadandaula ku CFTC, bungwe lomva madandaulo a ogula. Nkhani yobena ntchito za eni ake ndiye ili ndi a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso, ndipo nayonso ndinaitchula.

Patatha masiku atatu anabweza ndalama za zimbale zinayi. Za ziwiri zotsalazo akuti kumapeto kwa mwezi, ndipo ndikumukumbutsa Lolemba lililonse. Bambo sindinawapatse n'chimodzi chomwe.